Kodi mawu akuti "put off" amatanthauza kuzimitsa kapena kuchedwetsa?

Mlembi wa ku Lilongwe:

Akuluakulu nonse, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha. Ndimagwira ntchito ya ulembi pa bungwe lina laling'ono kuno ku Lilongwe, ndipo abwana athu ndi mayi wochokera ku England amene wakhala m'dziko muno zaka zitatu. Pa ofesi pathu pali jenereta yakale imene timayatsa magetsi akazima, koma imamwa mafuta kwambiri ndiponso sipatha mwezi osaitana amakaniko, choncho kwa nthawi ndithu takhala tikukambirana zogula yatsopano. Lachiwiri lapitalo, abwanawo ali ku Mzuzu, ananditumizira uthenga waufupi wakuti, "We will have to put the generator off until January." Ine ndinamva kuti akulamula kuti jenereta izimitsidwe mpaka Januwale, mwina pofuna kupulumutsa ndalama za mafuta, motero ndinauza alonda kuti asaiyatsenso. M'mawa mwake magetsi anazima kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, ndipo tonse tinangokhala manja lende, makompyuta ali zii, jenereta ili pomwepo ndi mafuta ake.

Abwana atabwerako n'kumva zimenezi anaseka mpaka misozi, kenako anandifotokozera kuti iwo ankanena za jenereta yatsopano ija, kuti kugula kwake kudikire mpaka Januwale chifukwa ndalama za chaka chino zatha. Ataona kuti ndachita manyazi anawonjezera kuti, "Don't let it put you off," ndipo apa mpamene mutu wanga unaima, chifukwa mawu omwewo anabweranso koma mooneka kuti akunena china. Kuyambira ku pulayimale ndakhala ndikumva aphunzitsi, makolo ngakhale akuluakulu a m'maofesi akunena kuti "put off the light" pofuna kuti munthu azimitse nyale. Kodi tonsefe takhala tikulakwitsa zaka zonsezi? Nanga mawuwa ali ndi matanthauzo angati, ndipo munthu angadziwe bwanji limene mnzake akufuna?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:

Mwanangu, musadzione ngati wopepera, chifukwa mwapunthwa pamalo pamene ophunzira anga a ku sekondale ankapunthwapo chaka ndi chaka. Aneni amtunduwu, amene amayenda ndi kamawu kakang'ono pambuyo pake monga "off", "up" kapena "out", ndi amene amatchedwa phrasal verbs, ndipo kuvuta kwawo si kwa lero. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a dikishonale yake ya mu 1755, adavomereza yekha kuti mawu oterewa ndi amene amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi.

Chimene chimatipusitsa ife olankhula Chichewa ndi chizolowezi cha chinenero chathu. Kwathu mneni amakhala ndi mnzake womutsutsa amene amaoneka poyera: kuvala ndi kuvula, kutseka ndi kutsekula, kumata ndi kumatula. Tikaphunzira kuti "put on" ndi kuyatsa kapena kuvala, maganizo athu amathamangira kunena kuti "put off" ndiye kuzimitsa kapena kuvula. Ganizoli ndi lanzeru ndithu, kungoti Chingerezi sichidatsate dongosolo limenelo. Wovala malaya amati "put on", koma wovula amati "take off". Woyatsa nyale akhoza kunena "put on", koma pozimitsa, Chingerezi cha m'mabuku chimati "switch off" kapena "turn off", ndipo ngati ndi moto, kandulo kapena ndudu chimati "put out". Mawu akuti "put off" adatenga njira yawoyawo.

Tanthauzo lawo lalikulu, limene abwana anu ankafuna mu uthenga uja, ndi kukankhira chinthu kutsogolo kuti chidzachitike nthawi ina. Chinthucho sichinathetsedwe, changosunthidwa tsiku. Mawu ena a tanthauzo lomweli ndi "postpone", ochokera ku Chilatini, kumene "post" ndi pambuyo ndipo "ponere" ndi kuika. Kusiyana kwake ndi kwakuti "postpone" amavala jekete ndi tayi, pamene "put off" ndi a tsiku ndi tsiku. M'kalata yopita kwa a komiti mudzalemba kuti "The meeting has been postponed", koma pouza mnzanu wa muofesi mudzati "They have put the meeting off." Palinso kusiyana kwina kumene mabuku ambiri sakutchula mokwanira. Kawirikawiri "put off" amanunkhirako kuzengereza, ndiye kuti munthu akuthawa chinthu chimene sakuchifuna. Wodwala dzino akanena kuti "I keep putting off going to the dentist", sakunena kuti wasintha tsiku pa kalendala ayi, akuulula kuti akuchita mantha ndipo nkhani yake yangokhala ya mawamawa. Angerezi ali ndi mwambi wawo wakuti "Never put off till tomorrow what you can do today", umene ife timaunena mwachidule kuti zengerezu adalinda kwawukwawu.

Popeza ndinu mlembi, ndikhaleko pang'ono pa kaumbidwe ka chiganizo, chifukwa zolakwa za m'makalata zimachokera pamenepa. Dzina la chinthu chochedwetsedwacho likhoza kubwera pambuyo kapena pakati: "put off the meeting" ndi "put the meeting off" onse ndi olondola. Koma mukagwiritsa ntchito mlowam'malo, malo ake ndi pakati basi. Mudzati "put it off", ndipo "put off it" ndi kulakwa kumene wolemba mayeso amataya nako malikisi. Ngati chochedwetsedwacho ndi ntchito, mneni wotsatirayo amathera ndi "-ing", motero timati "she put off writing the report", osati "she put off to write". Mneni "put" sasintha m'nthawi yakale, choncho dzulo, lero ndi kalekale ndi "put" yemweyo, ndipo "putted" musiyire osewera gofu.

Mawu achiwiri aja akuti "Don't let it put you off" anali okulimbikitsani. Pamenepo "put off" akutanthauza kugwetsa munthu ulesi kapena kumufooketsa, ndipo abwana anu ankati zimene zachitikazo zisakugwetseni mphwayi pa ntchito. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kuona chimene chili pakati pa mawu awiriwo. Chikakhala chinthu kapena chochitika, nthawi zambiri nkhani ndi yochedwetsa. Akakhala munthu, nthawi zambiri nkhani ndi ya mumtima mwake.

Tsono pa funso lanu lakuti kodi takhala tikulakwitsa, yankho langa monga mphunzitsi ndi lakuti inde, "put off the light" si Chingerezi chovomerezeka, ndipo ine ndinkachonga ndi cholembera chofiira nthawi zonse.

Namwino wa ku Glasgow:

Aphunzitsi, ndathokoza chifukwa cha kufotokoza kwanu, ndipo zambiri ndikugwirizana nazo, koma mundilole nditsutseko chiganizo chanu chomalizacho mwaulemu. Ndakhala ndikugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Scotland zaka zisanu ndi ziwiri. Nditangofika ndinkadziletsa kwambiri kunena kuti "put off the light" chifukwa aphunzitsi anga a Chingerezi adandikalipirapo, koma usiku wanga woyamba pa ntchito gogo wina wobadwira mu Glasgow momwemuno anandiitana n'kunena kuti, "Put the light off, hen." Mawu akuti "hen" ndi mmene anthu a kuno amaitanira mkazi mwachikondi, ngakhale kuti tsiku limenelo ndinadabwa kuti ndasanduka nkhuku liti. Kuyambira pamenepo ndamva kambirimbiri anthu akunena "put the telly off" kapena "put the heating off", ndipo onsewa ndi eni chinenero amene sanapondepo mu Africa. Anzanga a ku Nigeria ndi ku Ghana amene ndimagwira nawo ntchito nawonso amanena chimodzimodzi. Tikakumbukira kuti sukulu zoyamba za ku Livingstonia ndi ku Blantyre zidatsegulidwa ndi amishoni a ku Scotland m'zaka za m'ma 1870, ine sindiona chifukwa chochitira manyazi ndi kalankhulidwe kameneka. Chimene ndingavomereze ndi chakuti pa mayeso ndi m'kalata za ntchito munthu alembe "switch off", chifukwa amenewo amamveka kulikonse ndipo sasokoneza aliyense. Ndaonanso kuti anthu a kuno amakonda kuika "off" kumapeto, kuti "put the light off", pamene kwathu timakonda "put off the light".

Kunena zoona, achemwali a ku Lilongwe, uthenga wa abwana anu unali ndi mbali ziwiri, ndipo iwonso ali ndi gawo lawo pa chisokonezocho. Pa ofesi pamene pali jenereta imene imayatsidwa ndi kuzimitsidwa, munthu wosamala akanalemba kuti "put off buying the new generator."

Ndiwonjezereko pa tanthauzo lachiwiri lija, chifukwa pa ntchito yanga ndilo limene ndimalimva tsiku lililonse, ndipo ndi lotambalala kuposa kugwetsa ulesi kokha. Wodwala akakana chakudya amati "The smell puts me off", kutanthauza kuti fungo lamuchotsera chilakolako. Wina amati mankhwala atsopano "have put me off my food." Pamenepa muone kuti chiganizo chatenga zinthu ziwiri, munthu pakati ndi chinthu chonyansacho pambuyo. Pachifukwa chimenechi "it put me off it" ndi Chingerezi chabwinobwino, ngakhale kuti aphunzitsi anena zoona kuti "put off it" payekha ndi wolakwika. Ine ndemwe ndikhoza kunena kuti nditadwala m'mimba chifukwa cha nsomba ina ya m'chitini, "it put me off fish for a year." Mawuwa amanenedwanso pa anthu. Mtsikana akhoza kunena za mnyamata womufunsira kuti maonekedwe ake anali bwino koma kudzitama kwake "put me off", ndiko kuti kunamuziziritsa mtima. Kuchokera pamenepa mpamene padabadwira mfotokozi wakuti "off-putting", wonena za chinthu chosasangalatsa chimene chimakubweza m'mbuyo, monga nkhope ya tsinya ya wolandira alendo.

Lilipo tanthauzo lina loyandikana nalo, la kusokoneza munthu amene waika mtima pa chinthu. Ndikamawerengera mapiritsi wina n'kumandilankhula, ndimati "Stop, you're putting me off." Ochemerera mpira akamaimba mluzu pamene mdani akukonzekera kumenya penate, cholinga chawo chimakhala chomwecho, "to put him off."

Lamulo lanu lija, aphunzitsi, lakuti pakati pakakhala munthu nkhani ndi ya mumtima, lili ndi kadzenje kamodzi. Munthu akhozanso kuchedwetsedwa ngati msonkhano. Amene ali nanu ngongole akamakuuzani kuti mubwere Lachisanu, Lachisanu likafika n'kunena kuti kumapeto kwa mwezi, mudzadandaula kuti "He keeps putting me off." Simukunena kuti akukunyansani, ngakhale kuti mwina akukunyansanidi, koma kuti akungokuzungulitsani ndi malonjezo. Chimodzimodzi mayi wa pakhomo akadwala pa tsiku limene anaitana alendo amati "We shall have to put them off", kutanthauza kuwauza kuti asabwere lero.

Mkulu wa mpingo wa ku Kasungu:

Abale ndi alongo, ine si katswiri wa Chingerezi, koma ndili ndi kanthu kamodzi kamene ndikuganiza kuti kathandiza. Aphunzitsi anena kuti "put off" satanthauza kuvula, ndipo pa Chingerezi cha lero akunena zoona, koma kale sizinali choncho. M'Baibulo la Chingerezi la King James, limene lidatuluka mu 1611, Mulungu polankhula ndi Mose pa chitsamba choyaka moto, pa Eksodo 3:5, akuti "put off thy shoes from off thy feet", ndipo m'Chichewa pamenepo timawerenga za kuvula nsapato. Pa Aefeso 4:22 mpaka 24 Paulo akugwiritsa ntchito "put off" ponena za munthu wakale ndi "put on" ponena za munthu watsopano, ndendende monga ife timanenera kuvula ndi kuvala. Choncho mawu awiriwa adali otsutsanadi nthawi imeneyo, ndipo amene tidakula tikumva Baibulo limeneli m'sukulu za mishoni tidatengera pomwepo.

Ndikunena izi chifukwa ndidamvapo mlaliki wachinyamata akumasulira ulaliki wa mlendo, ndipo pofika pa vesi la Aefesoli adatembenuza kuti tiyenera kumuchedwetsa munthu wakaleyo. Iye ankadziwa bwino Chingerezi cha lero, ndipo n'chimene chidamugwetsa. Mpingo udangoti kakasi, chifukwa ambiri a ife kumuchedwetsa munthu wakaleyo ndi kumene timachita kale popanda wotilalikira. Masiku ano mukauza Mngerezi kuti "put off your shoes" adzakumvani, koma adzaona ngati mwatuluka m'buku lakale.

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:

Mayi a ku Glasgow, ndagonja pa nkhani ya nyale, chifukwa inu mwamva ndi makutu anu zimene ine ndinkangoziwerenga. Ndikonze mawu anga motere: "put the light off" ndi kalankhulidwe ka m'madera ena, osati kulakwa kwa munthu wosaphunzira. Komabe cholembera changa chofiira sindikuchitaya, chifukwa wochonga mayeso a MSCE amayang'ana Chingerezi cha m'mabuku, ndipo mwana amene walemba "switch off" palibe angamulande malikisi. Za wangongole uja ndavomerezanso, ndipo ndiwonjezerepo tanthauzo lina laling'ono limene munthu ali pakati: m'Chingerezi cha ku Britain wokwera basi akhoza kupempha kuti "Put me off at the market", ndiko kuti munditsitse pa msika, ngakhale kuti ambiri lero amati "drop me off."

Mlembi wa ku Lilongwe:

Zikomo kwambiri aphunzitsi, amayi anamwino ndi abambo a ku Kasungu, mtima wanga wakhala pansi. Ndili ndi kafunso kena kamene kabadwa chifukwa cha mayankho anuwa. Mawa ndikuyenera kulembera mamembala a komiti kuti msonkhano wa mwezi uno sukhalapo, ndipo tsiku lina silinasankhidwe. M'Chichewa ndikanangolemba kuti msonkhano walephereka, koma m'Chingerezi ndikuona "put off" ndi "call off", ndipo pambuyo pa nkhani ya jenereta ija sindikufuna kuyerekeza.

Wokonda masewero wa ku Ndirande:

Mayi mlembi, mwachita bwino kufunsa musanalembe, chifukwa mawu athu akuti "walephereka" amaphimba zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimazilekanitsa. Tikamva kuti ukwati walephereka timafunsabe kuti kodi asuntha tsiku kapena chibwenzi chatha. M'Chingerezi yankho limakhala m'mneni momwemo. Akati "They have put off the wedding", sungani suti yanu chifukwa mudzaivala. Akati "They have called off the wedding", pitani mukapepese kwa ankhoswe.

Chaka cha 2020 chinatipatsa zitsanzo zooneka bwino chifukwa cha mliri wa Covid-19. Masewero a Olympics a ku Tokyo anayenera kuchitika chaka chimenecho, koma pa 24 Malichi analengeza kuti asunthidwa, ndipo anadzatsegulidwa pa 23 Julaye 2021 akutchedwabe Tokyo 2020. Amenewo anali "put off". Mpikisano wa tenisi wa Wimbledon wa chaka chomwecho sunasunthidwe, unathetsedwa, koyamba chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo palibe amene ali ndi chikho cha Wimbledon cha 2020. Umenewo unali "called off". Nafenso tili ndi chitsanzo chathu. Mpikisano wa Africa Cup of Nations wa 2021 unakankhidwira ku Januwale 2022 m'dziko la Cameroon, ndipo kukanakhala kuti unathetsedwa sitikanaona Flames ikufika mu ndime ya matimu 16, kapena chigoli cha patali chija chimene Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco tisanagonje 2-1.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chokha. Atolankhani a mpira a ku England amalemba kuti masewero "called off" bwalo likadzaza madzi kapena likaundana ndi chisanu, chonsecho masewerowo adzaseweredwa tsiku lina. Iwo amakhala akunena za tsiku limenelo lokha, kuti lero kulibe mpira. Choncho "call off" amanena motsimikiza kuti zimene zinakonzedwazo sizichitika, ndipo salonjeza kanthu za kutsogolo, pamene "put off" amasiya khomo lotsekula.

Pa kalata yanuyo, funsani kaye abwana ngati nkhani za msonkhanowo zidzakambidwe tsiku lina. Akati inde, lembani kuti "The meeting has been postponed to a date to be announced", popeza aphunzitsi atiuza kale kuti m'kalata ya komiti "postponed" ndiye woyenera. Akati msonkhano wa mwezi uno wangofa ndipo mudzakumana mwezi wamawa monga mwa nthawi zonse, lembani "cancelled". Tsiku latsopano likadzadziwika mukhoza kumvanso abwana anu akunena "put back to Friday", kumene ndi kusunthira kutsogolo, kapena "brought forward to Monday", kumene ndi kufulumizitsa. Mawu akuti "back" ndi "forward" pamenepa amayenda mosemphana ndi mmene ife timaonera kutsogolo ndi kumbuyo kwa nthawi, choncho m'kalatamo mulembemo deti lenileni ndi ola lake.